Pansi pa Phula Pali Njereza

Ndimaimika galimoto pa mzere wachisanu ndi chiwiri,
pafupi ndi posonkhanitsira tingolo ta m'sitolo,
chifukwa ndikawerenga mapazi kuchokera pa mtengo wa magetsi
apa ndi pomwe panali kachulu ka woponya mpira.
Palibe chikwangwani. Chikwangwani ndine.

Bwalo la besibo analimanga mu 1926
anthu a ku fakitale ya nsapato ya ku Corliss Mills,
ndi matabwa otsala, Loweruka masana, osalipidwa:
Apolishi, Aitaliya, ndi aja othawa minda ya thonje kummwera,
amene anakhoma nawo misomali
koma tsiku lotsegulira anawalozera kumapeto,
kumene denga silifika ndipo dzuwa limalasa m'maso.

Mu 1948 ndudu ya wina inagwera kunsi kwa mipando.
Moto unaoneka mpaka kutsidya kwa mtsinje.
Kutacha kunatsala phulusa, zitsulo zopindika,
ndi mbale yoyera ya ngodya zisanu ija
yomwe wothamanga aliyense amaitcha kunyumba.
Anamanganso, ulendo uno ndi simenti.

Ndiye kunabwera Lucius Pettaway,
wakuda woyamba kuvala malaya a timu yathu.
Hotela inamukana, ankagona kwa abusa.
Lachitatu lina anaumenya mpira, phaa!
Unadumpha mpanda, unadumpha njanji,
nkukaswa windo la Mayi Ottilie Brandvold,
amene sanalikonze mpaka imfa yawo.
Anangomatapo pepala, nkumaonetsa alendo.
Kuchokera apo anthu a kumapeto aja anayamba kusendera pakati,
mpando umodzi pachaka, osapempha.

Bambo anga, Casimir Wojtula, sanamenyepo mpira.
Yawo inali njereza.
Zaka makumi atatu ndi chimodzi akukankha kangolo kolira kwiii,
kujambula mizere iwiri yowongoka
kuti anyamata aifafanize dzuwa lisanalowe.
Ankati mzere wabwino ndi umene wapondedwa.
Madzulo ankabwera atatuwa mpaka m'zigongono,
amayi nkumawaletsa kukhudza buledi.

Ine ndinali wa manambala.
Ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri ndinkakhala mkati mwa bolodi la zigoli,
kachipinda kotentha ngati uvuni, kodzaza mavu,
diso pa kabowo, ndikupachika malata.
Ziro ndiye ankasupuka penti msanga.
Timu yathu sinali yoopsa.
Tinkaluza, tinkaswa mtedza, mawa lake tinkabweranso.

Fakitale itatseka, mipando inayamba kuonetsa nthiti.
Anthu mazana atatu, kenako makumi asanu ndi atatu,
kenako unkamva woimbira masewero akutsokomola.
Mu 1987 mwini timu, Hollis Trumbauer,
analumbira pa wailesi kuti sapita kulikonse.
Malole anabwera usiku, chipale chofewa chikugwa.
Anatenga ndi mababu omwe.
Bambo anatchetchabe udzu zaka zina ziwiri,
osalipidwa, monga linayambira.

Kenako mpikisano wa magalimoto ophwanyana,
msonkhano wa chitsitsimutso, msika wa kaunjika, nkhunda.
Kenako chimpira chachitsulo chopachikidwa pa unyolo,
mpira womaliza kuponyedwa pano.
Umenewo sunaphonye.

Mbale ija ili m'galaja mwanga, kuseri kwa matayala akale.
Sindinabe. Ndinangoiperekeza kunyumba.

Lero mnyamata wa chovala chonyezimira
akupenta mizere ya poimika magalimoto.
Ndamuyang'ana nthawi yaitali, mkaka ukufunda m'jumbo.
Dzanja lake ndi labwino, sakhotetsa,
bambo akanamugwedezera mutu.
Ndimafuna ndimuuze kuti waima pa ngodya yachiwiri,
kuti asachedwe, athamange,
koma ali ndi timawaya m'makutu
ndipo wazinga mizere yake ndi chingwe
kuti munthu asapondepo.