Chidindo

Mu ofesi mwathu muli fani imodzi,
imapukusa mutu tsiku lonse
ngati ikukana chinachake.
Ine sindinakanepo kanthu.

Lachiwiri Abiti Mdoka anabweranso
wapansi, kuchokera ku M'baluku,
mapepala a malo a malemu amuna awo
atawakulunga m'jumbo ya shuga.
Anakhala pa benchi kuyambira m'mawa
mpaka adhana ya masana itamveka ku mzikiti.
Ndinkadziwa kumene kuli fayilo yawo:
mu dilowa yanga yachitatu,
yapsinjidwa ndi fayilo ina yatsopano,
malo omwewo, dzina lina,
la munthu wa galimoto ya magalasi akuda.
Ndinati, mubwerenso Lachisanu mayi,
bwana atuluka.
Bwana anali m'katimo, akusenda nthochi.

Musandiyese woipa.
Envulopu ija sindinaigwire.
Ndinangopatuka kuti idutse
monga timapatukira kabaza akaliza belu.
Bodza lalikulu sindinanenepo,
anga ndi timabodza ting'onoting'ono ngati bonya,
totafuna ndi mitu yomwe,
sititsamwitsa.

Poweruka ndimazungulira chipilala cha wotchi
ndikusanja mawu oti ndikanene mawa.
Ndikafika pa mlatho ndimaima.
Pansi apo namasupuni akutsetsereka ndi Shire,
wobiriwira, wonenepa,
mizu yake yosagwira dothi lililonse.
Sanafunsepo kumene madzi akupita.

Mkazi wanga Asiyatu amauza anzake
kuti anakwatiwa ndi munthu wofatsa.
Pamaliro amandipatsa kope la chipepeso
poti dzanja langa limalemba bwino.
Koma mudzandione usiku mu neti!
Ndimamenya tebulo, ndimatchula mayina onse,
ndimamwaza mafayilo pamaso pa bwana,
udzudzu umachita kunjenjemera.
Tambala akalira
ndimasita malaya.

Lero ndi Lachisanu.
Abiti Mdoka ali pa benchi, avala mpango woyera,
jumbo ija ili pamiyendo
ngati mwana wogona.
A Chikwakwa andiyalira fayilo yatsopano patebulo,
chala chawo chili pa mzere wopanda kanthu,
maso ali pa foni.

Ndadinda. Sichinaoneke.
Inki yauma ndi kutentha kuno.
Mtima wanga wadumpha pang'ono:
kapena inki yandikanira,
yanena zimene ine ndalephera zaka khumi ndi zinayi.

Kenaka ndauzira mpweya pa chidindo, haa,
monga ndichitira masiku onse,
ndatsamira ndi phewa.
Chagwira bwinobwino,
tsiku ndi mwezi zikuwerengeka.

Panja benchi yalira, munthu waimirira.
Ndawerama kufunafuna cholembera
chomwe chili m'dzanja langa.