Dzina la Pachikuto

Pa Lizulu, pakati pa milu ya mbatatesi
ndi mayi wa kabichi wosatopa kuitana,
ndimayala thumba la feteleza long'amba
n'kundandalikapo mabuku a malemu aphunzitsi Kampango.
Mkazi wawo anandigulitsa ndi katoni yomwe,
ati mbewa zayamba kuwawerenga kuposa ana.

Dzana kunafika Lufeyo Chimbalanga,
wa njinga ya kabaza, chisanu chili m'mapewa,
atanyamula buku ngati nkhuku yofa ndi chitopa.
Akuti, Mayi, mwandibera.
Pachikuto alemba Chaka cha Mwanaalirenji,
ine ndati ndikawerengere ana, agone akumwetulira.
Tsamba lachisanu nkhokwe yapsa,
lakhumi agulitsa mbuzi yotsiriza,
kumapeto mudzi wonse ukukumba mizu ya nthochi.
Mwanaalirenji wake ali pati?

Ndati, khalani apa, katoniyi ndi yolimba.
Mwawerenga bwino, wolembanso sanaphonye.

Ndinamutulutsira ena.
Ili ndi Nyumba ya Malata:
mpaka mawu omaliza denga ndi la udzu,
malatawo ali m'kamwa mwa mwamuna,
amalira akamwa kachasu basi.
Ili, Mkamwini Wolemekezeka,
mwini dzinayo amadyera kuseri kwa khola.
Ilo chiswe chinadya chikuto
n'kusiya liwu limodzi, Mtendere,
m'katimo ana a bere limodzi
akumangitsana chifukwa cha mzere umodzi wa m'dimba.

Akale amenewa ankalemba khoma lili ndi makutu.
Ankadziwa kuti choona chikayenda chosavala
amachitsitsa pa rodibuloko,
ndiye ankachiveka jekete la ku tchalitchi,
chipewa n'kupendeketsa pang'ono
kuti wodziwa achizindikire ndi kayendedwe.
Kodi kwanu ku Kandeu simunamvepo galu
dzina lake Ndimakukondani,
amene amaitanidwa mokweza
pokhapokha mnansi wakuba nkhuku akamadutsa?

Lufeyo anaseka ndi mano awiri akumwamba,
kenaka anandiyang'ana nthawi yaitali.
Ati, nanga inuyo pachikuto panu analembapo chiyani?

Ndati, Adzabwera.
Amayi ananditcha mwezi umene bambo
anakwera basi ya ku Joni ndi sutikesi yobwereka.
Zaka makumi anayi ndi zinayi tsopano.
Aphunzitsi poitana mayina m'kalasi ankalonjeza,
abusa pondibatiza analonjeza,
ngakhale wa msonkho wa pamsika
amalonjeza m'mawa uliwonse asanadule tikiti.
Madzulo amayi ankaima pakhonde
maso ali kumsewu waukulu,
n'kufuula dzina langa katatu.
Ine ndili pomwepo, ndikupala mphika kumapazi kwawo.
Mpaka anamwalira sindinafunse
kuti ankaitana ndani.

Lole ya matabwa inadutsa, fumbi n'kutikuta.
Mayi wa kabichi anatsitsa mtengo.
Nkhungu inali itayamba kutsika m'phiri
ngati munthu wodzafunsa ngongole, osafulumira.

Lufeyo anatembenukira njinga yake:
tayala lakumbuyo lomanga ndi linya,
chishalo chosokedwa ndi ulusi wa thumba,
ndipo pa madigadi, ndi penti yofiira,
mawu amene analemba yekha chaka chatha,
Zikuyenda.

Anakanda m'mutu.
Sanatchulenso za ndalama yake.
Anabweza Mwanaalirenji m'thumba la malaya,
n'kuloza pakona, pomwe ndimaika olumala,
opanda chikuto, opanda tsamba loyamba.
Ati, ilo ndi zingati?

Ndati, limenelo sindidziwa n'komwe dzina lake.
Ati, ndi lomwelo ndikufuna.
Ndikaliwerenga kaye mpaka kumapeto,
ndione chimene likulira,
ndiye ndidzalitcha dzina loseka.

Anakwera, tcheni n'kuvuka.
Anatsika, nabwezeretsa, nakweranso.
Ali patali anakweza dzanja osacheuka:
Tsalani bwino, Adzabwera!

Ndinavomera, monga ndimavomera nthawi zonse,
n'kuyamba kulongedza mabuku
mvula isanawawerenge.