Timabokosi Titatu

Namwino Tionge wandipatsa pepala ndi cholembera:
"Mayi Luhanga, chongani pamodzi basi:
ndakhutira kwambiri, ndakhutira pang'ono, sindinakhutire."
Timabokosi titatu, tating'ono ngati mano a khanda.
Zaka zisanu ndi chimodzi ndiziika pati?

Ine Mzuzu ndinkamudziwa ndi zimbudzi zake.
Ena amati Katoto, Chibavi, Luwinga;
ine ndinkati cha kudepoti, cholipira, chitseko chopanda loko,
cha kuseri kwa msika, kumene mnyamata wotolera ndalama
anatopa n'kundiwerengera maulendo
nayamba kunditcha akasitomala.
Pa sakaramento ndinkauza wopalasa, pewa mabampu mwanangu,
iye n'kumayesa ndi msana.

Chifunga cha mu Juni chikatsika
chikhodzodzo chinkagogoda ngati landilodi pakutha pa mwezi:
lero, pompano.
Kiyi ali pachitseko, dzanja likunjenjemera,
zonse zachitika kale.
M'chikwama chitenje chapadera, chakuda nthawi zonse.
Tiyi ndinamusiya ngati mnzanga amene tinayambana.
Kukwaya ya amayi ndinasankha mzere wakumbuyo, pafupi ndi khomo,
ndikunama kuti mawu anga amakoma akachokera patali.

Kenako kapilitsi aka,
kochepa ngati njere ya mpunga.

Sabata yachitatu ndinagona mpaka kucha.
Bambo Luhanga anandigwedeza phewa,
khutu lawo pamphuno panga.
Anazolowera kulira kwa ndowa kasanu usiku uliwonse;
bata linawaopsa.
Tinaseka, tinaseka,
mpaka ndinathamangirabe panja.

Koma lembaninso izi, anamwino.
M'kamwa mwanga mwauma ngati bwalo la mpira mu Okutobala.
Tsopano ndimaima kutsogolo kwa kwaya,
koma nyimbo ikafika pokwera lilime limakakamira kumwamba,
ndimangoyasamula, NyaZgambo andiimbire.
Kuchimbudzi kumene ndinkathamangira
tsopano ndimakakhalitsako pa mlandu wina.
Ndipo mwezi watha pawindo paja anati atha,
kaguleni kufamase.
Ndinawerengera: mikoko iwiri ya nthochi, ndi phindu lomwe.
Masiku asanu ndi anayi ndinakhala opanda,
mlendo uja anabwerera osaodira,
amadziwa pamene timabisa kiyi.

Komabe Loweruka lija ku Mzuni,
Vitumbiko wanga atavala mkanjo ndi chipewa cha ngodya zinayi,
ndinakhala pakati penipeni pa mzere,
anthu kumanja, anthu kumanzere,
maina mazanamazana akuitanidwa.
Sindinapemphe njira kwa munthu.
Dzina lake ndinalimva ndi makutu angawa,
osati kudzera pa kazenera ka chimbudzi.
Nthungululu inatuluka yosasa, yothyokathyoka,
koma inatuluka.

Ndiye ndachonga pakati,
pa kampata koyera pakati pa kwambiri ndi pang'ono.
Tionge akuti kompyuta siidziwa malo amenewo.
Ndamuuza kuti ndi kumene ndimakhala,
aiuze ibwere idzaone.

Waseka, wafunsa za maso, za chimbudzi, za tulo,
akuti tikambe ndi adokotala, mwina asinthe mlingo.
Panja mvula yamawawa yayambanso,
madzi akutsika m'paipi ya denga, chu chu chu,
ndipo ine ndakhala phee pabenchi kuwamvetsera,
miyendo yosapingasa.

Mwanangu, usanaitane wina,
ndigawireko madzi akumwa.