Mpopi wa M'galimoto ya a Gwaza

A Gwaza anagula ambulansi yakale pa okushoni,
nachotsamo machira, naikamo bedi, sinki ndi shawa,
ndi thanki ya madzi pansi pa mpando.
Akuti penshoni yawo adzaidyera pamsewu.
Lero ayiimika ku Biwi, pakati pa mafupa a maminibasi,
chifukwa mpopi wake ukulira ngati mlendo pamaliro:
dontho,
kudikira,
dontho.

"Pampu yafa," akutero. "Gulani ina, mayi, ndalama ilipo."
Ndiwauza kuti sitikumba manda wodwala akadapuma.

Ndiyamba ndi thanki. Ndiigogoda ndi chala,
iyankha ndi mawu a mimba yokhuta.
Ndipala ufa woyera pa mitu ya batire,
singano ya mita iima pamene iyenera kuima.
Fyuzi ndi yamoyo.
Nditsegula mpopi, khutu ndaligunditsa pa thabwa:
pampu ikung'ung'udza osapumira
ngati khanda loyamwa bere louma.
Yotereyi sinafe. Ili ndi ludzu chabe.

Dzuwa la Okutobala lakwiyitsa malata a galaja.
Kuseri anyamata akuwotcherera zitsulo,
wina akufunsa kuti unamwino ndinauphunzira liti
popeza ndalowa mu ambulansi.
Sindimuyankha. Ndili chagada, tochi kukamwa,
ndikulondola payipi
monga ulondolera mzere wa linthumbu mpaka pa una.

Nayi. Yapindika ngati bondo la wopemphera,
bokosi la masipanala laigonera kuchokera ku Dedza.
Ndiiwongola. Madzi abwera, koma akutsokomola,
kulavula mpweya, kuchita thovu, kenako zii.
A Gwaza ayamba kale kuomba m'manja.
Dekhani, bambo.

Sefa ya pakhosi pa pampu ndi kambale kakang'ono.
Ndikhuthulira zam'kati pachikhatho:
mchenga wofiira, ndere, phiko limodzi la ngumbi.
"Munatunga kuti?"
"Pa mjigo wina kupitirira Mitundu. Anali oyera mbee."
M'chigubu madzi onse ndi oyera;
mlandu wake umatsalira pa sefa.
Nditsuka ndi mswachi wakale, ndipo m'pamene ndiona
kalabala ka pakamwa kang'aluka,
mng'alu woonda ngati tsitsi,
nyerere singapitepo,
koma mpweya sufuna chitseko.
M'chitini changa cha zotolatola muli kena kofanana.

Kwatsala kasefa ka kunsonga kwa mpopi,
tiziboo take tatsekeka ndi zoyera za madzi amchere.
Ndipempha viniga kwa Nachisale wogulitsa tchipisi pageti,
nditaya kasefako m'kapu, tonse tidya tikudikira.

Ndibwezera zonse. Ndiyatsa.
Pampu ithamanga, ikoka, itukwana kawiri,
basi madzi phuli mu sinki
mpaka kunyowetsa tayi ya a Gwaza.
Nditseka. Tonse tili chete, kumvetsera.
Pampu iima yokha, du.
Ndiwerenga mpaka zana; siyambiranso.
Palibe pena pamene pakudontha mobisa.

Mayi Gwaza, amene chifikireni sanalankhule,
atsika pampando wakutsogolo, atsegula mpopi,
nasamba m'manja kwa nthawi yaitali
kuposa litsiro limene linalipo.
Amuna awo awerenga ndalama kawiri
nadandaula kuti ntchito yonseyi inali kalabala chabe.
Eya, bambo. Koma kalabala kati?

Madzulo njinga ya kabaza inditula ku Kaliyeka.
Ndowa zisanu zafola pansi pa mpopi wa pakhomo panga,
wotsegula kuyambira Lachiwiri.
Mwana wanga wasunga theka la chigubu, la mawa kusukulu.
Mwachizolowezi ndigunditsa khutu pa payipi.
Ikupuma. Ikukoka mpweya kuchokera kutali,
kumene sipanala yanga singafike.
Ndipukuta girizi ndi nyuzi yakale,
nditchera alamu ya thuu koloko usiku,
ndigona ndi khutu limodzi panja.