Masamu a Kuseri kwa Lisiti

Usiku wachitatu ndili pamzere wa petulo ku Katoto,
mpando ndaugoneka, mapazi ali pachiwongolero,
chifunga cha Mzuzu chanyambita magalasi onse.
Kutsogolo kwanga kuli galimoto makumi asanu ndi ziwiri,
ndawerenga kawiri poti tulo tandikana.
Akuti thanki ya mafuta yafika pa Songwe.
Dzulonso inali pa Songwe.

M'mbandakucha Chawanangwa akudutsa,
mwana wa mlongo wanga, namwino wochokera ku ntchito ya usiku,
m'kagalimoto kake kosatsokomola,
kopanda utsi, kongoti sii ngati mphaka pa simenti.
Watsitsa galasi: "Atsibweni, mwagona bwanji?"
Ndamuyankha ndi mphuno.

Ine ndine makaniko.
Zaka makumi awiri ndi zisanu ku Luwinga
ndaphunzitsa ana anayi ndi oilo wakuda,
mapulagi opsa, ekizozi yobooka.
Tsiku lomwe anakabweretsa ndinatsegula boneti,
sipanala yanga inasowa poluma.
Ndinatseka pang'onopang'ono
ngati munthu wolowa nyumba yolakwika pamaliro.

Tinakhala pakhonde ku Chibavi, lisiti imodzi, bolopeni imodzi.
Iye analemba: mayunitsi a mwezi wonse
sakufika pa theka la thanki yanu.
Ine ndinalemba: ngongole ya kubanki, zaka zisanu.
Iye: oilo palibe, fyuluta palibe, mzere palibe.
Ine: batire ikadzafa
udzagulitsa puloti yako ya ku Mchengautuwa.
Iye: yanu imafa mwezi uliwonse, mumangoiika m'manda pang'onopang'ono.
Pepala linatha tisanaphatikize.

Ndiye kunabwera ukwati wa ku Lilongwe.
Ndinakhala kumanzere, manja opanda ntchito.
Pokwera Chikangawa manambala a batire
ankatsika ngati kwacha,
ine maso pa iwo, iye maso pa malole a matabwa.
Potsetsereka, taonani, anayamba kukweranso!
"Ikudya phiri," anatero.
Sindinafunse. Sindinkafuna kuphunzitsidwa ndi mwana
amene ndinamugulira yunifomu ya sitandade wani.

Pa Jenda tinagula tomato ndi anyezi.
Pa Kasungu tinabaya chingwe kukhoma la mnzake,
titangokhala pansi, magetsi phethi.
Maola asanu.
Ndinadya chimanga chootcha chitatu, ndinaseka mpaka misozi,
ndinati, Korola yanga ikanakhala itafika kale,
ikanabwerera, ikanafikanso.
Anandisiya ndimalize.
"Nanga ili kuti Korolayo, atsibweni?"
Inali kunyumba, pansi pa mpeyala,
singano itagona pa E sabata yachiwiri.

Tinafika akudula keke.
Mlongo wanga sanatilankhule mpaka perekaniperekani.

Tsopano kwacha. Anyamata a zigubu ayamba kuzungulira,
lita imodzi mtengo wa nkhuku,
theka lake mwina ndi parafini.
Lisiti ija ndili nayo m'thumba la ovolosi,
yafewa ngati nsanza, manambala ayanjana ndi girizi.
Pali mzere umodzi womwe sindinalembe tsiku lija:
Wongani, mnyamata wanga wa pagalaja,
amene dzana wandifunsa ngati ku koleji
amaphunzitsa za mawaya a galimoto zoterezi.
Ndinamuuza amange kaye mabuleki.

Wina wakuwa kutsogolo: yabwera!
Tonse tadzuka, zitseko kuphulika ngati mbuliwuli.
Yakhota, yaima, yapuma.
Dizilo.

Yemwe anali patsogolo watopa, wachoka.
Sindiliza injini chifukwa cha mamita anayi.
Ndatsika, phewa pachitseko, dzanja pachiwongolero,
ndikukankha.
Makumi asanu ndi imodzi.