Chitsononkho Chopaka Utoto

Ndinawaona usiku pa foni,
mkazi wanga atagona, mayunitsi akutha:
mapadi a buleki a Siyenta, atsopano, ati ochokera ku Japani,
mtengo wake theka la wa m'sitolo ya pafupi ndi depoti.
Wogulitsayo analibe nkhope,
pachithunzi chake panali mkango wovala tayi.
Analemba kuti, "Bwana, atsala awiri okha."
Chala changa chinathamanga kuposa mutu.

Katoni inafika pa basi ya Lachinayi
ikunyezimira ngati kadi ya ukwati,
zilembo zake zopindikapindika.
Sindikanatha kuziwerenga,
n'chifukwa chake ndinazikhulupirira.

A Gwedeza, makaniko wa patsinde pa mango kuseri kwa msika,
katoniyo sanaiyang'ane n'komwe.
Anatola padi imodzi, naiyeza m'chikhato
monga mlimi wa fodya amvera tsamba ndi zala.
Anaigogoda ndi sipanala, inalira ngati chitini.
Anaikanda ndi chikhadabo chakuda ndi girisi,
fumbi n'kuyoyoka.
"Mphwanga, ichi n'chitsononkho chopaka utoto."
Ine ndinati, "Tamangani, nsanje n'njachiyani?
Mukufuna tizingogula kwa alamu anu?"
Anamanga. Koma ndalama yanga anaikana,
ati safuna dzina lawo likwere nawo galimotoyi.

Masabata atatu zinthu zinayenda.
Kasungu, Chatoloma, Kasungu.
Podutsa pa mango paja ndinkaimba hutala
kawiri, monyogodola.

Tsikulo silinanunkhe kanthu.
Anthu asanu ndi atatu, matumba awiri a soya, njinga padenga,
ndi mtsikana wa yunifolomu, Tikhale,
buku pamwendo,
akuloweza chamumtima mayina a mafupa a munthu.
Potsetserekera ku mlatho wa Dwangwa
ngolo ya ng'ombe inangoti tulukiru mumsewu.
Ndinaponda.
Phazi linamira ngati m'matope a kudambo.
Ndinapondanso.
Fungo la chopserera, chitsulo chikukukuta chinzake,
ndinaponya giya, ndinakoka handibuleki,
ndinaitana mayi anga amene tinaika kalekale.

Chinatiimitsa ndi chulu
m'munda wa mwini wake.
Chiswe chinamanga zolimba
kuposa fakitale ija, kaya ili kuti.

Palibe anafa.
Anthu amati ndiyamike, ndipo ndimayamikadi.
Koma mkono wamanja wa Tikhale unathyoka pawiri
kutatsala masiku asanu kuti alembe mayeso.
Kuchipatala cha boma, ali m'chikhakha,
anandiuza yekha dzina la fupalo
m'Chingerezi, osaphonya,
kenako anatembenukira kukhoma.

Ndinaimba nambala ija.
Mayi waulemu wa m'foni anati siikupezeka,
ndiyesenso nthawi ina.
Ndayesa. Nthawi ina yakeyo sikufika.
Sabata yatha mkango uja ndauonanso,
tayi yomweyo, dzina lina,
ukugulitsa matayala tsopano.
Atsala awiri okha.

A Gwedeza anabwera ndi chingwe kudzakoka chiphakasa changa.
Ndinadikira kuti anene zoti ananena kale.
Akanatero, mwina ndikanapeza poyambira mkangano,
pobisala.
Iwo anangogwada, natola padi ija m'fumbi,
itanyenyeka ngati chigumu chogona,
naiika m'dzanja mwanga, n'kundifumbatitsa.

Ndinkati ndapulumutsa masauzande makumi awiri.
Usiku ndimawonkhetsa:
redieta, galasi, chindapusa, soya wa eni ake,
chimanga cha mwini munda.
Izo zonse zili ndi mtengo.
Ndikafika pa chaka cha Tikhale
bolopeni imaima.

Akuti akuphunzira kulemba ndi dzanja lamanzere,
zilembo zake zikupendekera ngati mapira pamphepo.

Padi ija ili pazenera.
M'mawa uliwonse, ndisanapite kukapalasa kabaza wobwereka,
ndimainyamula m'chikhato monga anachitira a Gwedeza.
Tsiku lija ankati n'njopepuka.
Adzainyamule lero.