Kope Langa ku Kanyama

Ndabwerako, Mai Daka.
Miyezi isanu ndinali kunja,
kuwerenga mazenera a nyumba zosanjikizana,
kukwera sitima zapansi pa nthaka,
kununkhiza tomato wolimidwa padenga.
Zonse ndinajambula m'kope ili.

Lero mvula yagona m'nyumba.
Thanthwe la Lusaka lakana kumeza.
Tikudumpha panjerwa, nsapato m'manja.
Papuloti yanu mabanja khumi ndi limodzi,
mpopi umodzi,
chingwe choyanikira chimodzi, chosakanganirana.

Mukuliyang'ana cham'mbali kopelo:
"Pamwamba apo mbaula ndiyika pati?
Nanga bokosi la maliro litsika bwanji?"

Zimenezo sanandiphunzitse.

Ndatsegula tsamba loyera.
Ndiyambira pa ngalande.
Gwirani ambulera, mundiuze
kumene madziwa ankapita
tisanawatsekere njira.